Envulopu ya Pawindo Lachitatu

Kwawo ankamutcha Mzime, ndipo chiyambire ubwana wake sankaona chivindikiro osachivundukula. M'mawa woyamba ntchito ku banki yaikulu, mayi ake anamusitira bulauzi, namupempherera, kenako anamuuza motsitsa mawu kuti, "Mwanangu, kumeneko maso ako akakhale ndi malire."

Anamuika mu ofesi yoona za ogwira ntchito. Kumapeto kwa mwezi ankapinda timapepala ta malipiro, kuika m'maenvulopu ndi kumata. Lamulo linali limodzi: pepala lipindidwe zolembazo zili pansi.

Makina oziziritsa ofesi ankamunjenjemeretsa. Amayi ena achikulire, otumikira makasitomala pawindo lachitatu, anaona zimenezi, ndipo m'mawa mwake anangomuikira juzi pampando. M'chipinda cha tiyi anamulozeranso kapu ya bwana kuti asadzaikhudze.

Koma Mzime chinamuvuta ndi chidwi. Anthu ovala yunifolomu yofanana, bwanji ena ankatsegula envulopu akumwetulira pomwe ena ankakatsegulira kuchimbudzi? Anafunsa mnzake wina amene onse ankamutcha Wailesi.

"Iwe, maso akowo ndi okongoletsa nkhope basi?" anatero Wailesi. "Kusuzumira si kuba, mwali."

Mwezi umenewo anasuzumira pepala limodzi. Wotsatira, khumi. Atafotokozako kunyumba moseka, mayi ake sanaseke. Anamufunsa ngati eni ake anamupatsa chilolezo, ndipo iye anayankha kuti zakubanki amayi sangazimvetse.

Mwezi wachitatu anatembenuza pepala la amayi a pawindo lachitatu. Pansi pa malipiro panali mzere umene ena analibe: thandizo lapadera. Linali la chiyani? Anamunong'oneza Wailesi, ati mwina iye akudziwa.

Pofika masana nkhani inali itakwera masitepe onse, itasanduka ina: amayiwo ndi chibwenzi cha bwana. Amayiwo akalowa m'chipinda cha tiyi, anthu ankangoti zii. Pakutha pa sabata anali akudyera okha pamasitepe akuseri.

Lolemba bwana anaitana atsikana awiriwo. Wailesi analumbira kuti iye anangomva, ndipo analoza amene anamuuza. Bwana anafotokoza mosakweza mawu kuti banki imathandiza antchito amene ali ndi odwala pakhomo. Mwana wa amayiwo ankapita kuchipatala kawiri pa sabata chifukwa cha impso, ndipo iwo anapempha kuti zisadziwike, poopa kumangoyang'anidwa ndi maso achisoni. Tsopano anakakamizika kuulula kwa onse kuti ayeretse dzina lawo.

Mzime anapatsidwa envulopu yomata bwino. Imeneyo sanafune kuitsegula, ankadziwa kale za m'kati mwake: ntchito inali itamuthera.

Potuluka anaima pawindo lachitatu, juzi ili m'manja. Kenako anati, "Amayi, ndalakwa."

Amayiwo anamuyankha kuti, "Ukanandifunsa, mwanangu, ndikanakuuza ndekha. Ndinakupepesera kwa bwana, koma akana." Anamukankhira juzi ija. "Tenga, kunja kuli mphepo."

Kunyumba mayi ake sanamukumbutse zimene anamuuza. Anangochapa juziyo naipinda bwino.

Ananu, chimene mwasungitsidwa chotseka, chisiyeni chotseka. Mzime sanabe ndalama ya munthu, koma anaba chinsinsi cha mayi amene anamufunditsa, ndipo chimenecho analibe pochibwezera.