Nkhope ya Abele

Feggie ndiye anayamba kuona kuti Abele wamera mlomo.

Chithunzi cha Abeleyo chili pakhoma la tchalitchi chakale cha pa esiteti ina ku Kaomba, momwe masiku ano amasungiramo fodya. Anachijambula ndi Otaviyo, mzungu wa ku Italiya yemwe anathawa nkhondo kwawo n'kudzakalambira kuno, akusakaniza utoto wake ndi katondo komanso mazira. Mkuluyo sankajambula nkhope yongoganizira. Ankafuna munthu wamoyo amukhalire patsogolo, n'chifukwa chake angelo onse pakhomapo ndi matenanti akale. Koma pa Kaini ndi Abele anthu anakana. Ndani angagone chagada ngati maliro, kudzilaula yekha? Otaviyo anamwalira awiriwo alibe nkhope.

Tsopano mlomo unalipo, wachipsera kumanzere, ndendende wa Lonjezo, mlamu wake wa Feggie.

"Alamu, chonde musawauze achimwene," Lonjezo ananong'ona.

Koma Feggie nkhani sagona nayo. Mwamuna wake Masautso, yemwe analera yekha mng'ono wakeyo chichokereni ku Phalombe, atamva anakana ndi chakudya chomwe.

Kutacha kunatuluka mphuno, mkuja wake diso limodzi. Usiku oyandikira ankamva khwee, khwee, ngati wina akupala mphika. Ena ankati mzungu wabwera kudzamaliza ntchito yake, ena ankati ndi tenanti wanjiru.

"Kaya ndi mzukwa kaya ndi munthu, andiona," anatero Masautso. "Mwana wa mayi anga salodzedwa ine ndili moyo."

Usiku anakabisala m'tchalitchimo pakati pa mabelo a fodya, mpini uli m'manja. Mdima unali bii, fungo la fodya likumutsamwitsa. Chitseko chinalira pang'onopang'ono. Mapazi opanda nsapato anadutsa pafupi naye n'kukaima pakhoma. Khwee, khwee.

Masautso anadzambatuka. Mpini unatera pamutu, phwa! Anamenyanso, n'kumenyabe, mpaka chinthucho chinaleka kuphupha. Apo m'pamene anayatsa tochi ya foni.

Lonjezo anali gone chagada, magazi akuyenderera kulowa pansi pa mabelo. M'dzanja anali atafumbata kampeni komwe usiku uliwonse ankapalira nkhope yake pakhomapo kuti ifufutike, mkulu wake asade nkhawa.

Masautso anatembenuza tochi. Kuwala kunagwera pakhoma. Abele anali atatha, maso onse awiri ali tong'oo, utoto ukadali wauwisi.

Masautso anakwezera tochi kwa Kaini, ngakhale ankadziwa kale yemwe akamuone.