Yatsala Njerwa Imodzi

Madzulo amenewo phala la mapira silinamukomere Kang Shoulin. Mawa lake akuluakulu a boma ankabwera ndi alendo kudzamulemekeza monga mlonda wokhulupirika wa Khoma Lalikulu, linga lakalekale lodutsa m'mapiri a kwawoko, ndipo chakudya ankayenera kudzadyera pakhomo pake. Vuto linali khola la nkhumba. Lonselo analimanga ndi njerwa zoba pa Khomalo, zina zili ndi zidindo za asilikali akale.

"Mlonda wamkulu!" anatero mkazi wake Yufen. "Mawa nkhumba ikuyalutsani."

Kutada, Shoulin anamangirira nkhumba pamtengo, n'kugumula khola, n'kulonga njerwa m'dengu la kumsana, ulendo wa kumpata wa phiri kukazibweza pa Khomalo. Mphepo inkalira m'mazenera a nsanja ya alonda.

Pa ulendo wachitatu anapeza munthu atanyonyomala pomwe ankatula njerwa. Chijasi chachitali, mutu wofundira. Ankamanga.

Shoulin anadzidzimuka, kenako anaseka. Angakhalenso ndani kupatula Meng, mnansi wake, amene chimbudzi chake chinali cha njerwa zomwezo?

"Nkhalamba iwe, nawenso zakuthina? Sendera uko."

Munthuyo sanacheuke. Anangotambasula dzanja. Shoulin anamupatsira njerwa. Dzanjalo linali lozizira ngati mwala wa m'chitsime, koma m'phiri ndani sazizidwa? Usiku wonse iye kututa, winayo kumanga, Shoulin akumunyogodola za chimbudzi chija. Tambala ali pafupi kulira, munthuyo anasisita mzere womaliza. Panali kabowo.

"Yatsala imodzi," anatero. Mawuwo sanali a Meng.

M'mawa alendo anamupeza Shoulin atakomoka, ali gada pachipata cha Khomalo, dengu lili poteropo. Akuluakulu ataona khoma lokonzedwa anaomba m'manja, alendo akujambula. Mmodzi wodziwa zakale anakanda matope a pakati pa njerwa n'kununkhiza: laimu wosakaniza ndi mpunga womata, kamangidwe komwe anthu anasiya kalekale. Matopewo anali asanaume.

Meng anali kwa mwana wake kutauni sabata yonseyo.

Shoulin anasakasaka pakhomo ponse mpaka anaipeza njerwa ija. Inali mumtsuko, ikupsinja kabichi wamchere wa Yufen.

"Mkazi wanga, chonde, eni ake akuifuna."

"Zaka makumi atatu ikundigwirira ntchito! Muichotse lero, kabichi awole, m'chisanu tidzadya chiyani? Ulemu wanuwo?"

Shoulin anayeza mantha awiriwo, n'kupeza kuti a kukhitchini ndiwo olemera. Njerwa inatsala mumtsuko.

Anthu a m'mudzimo amanong'onezana kuti usiku uliwonse pachitseko cha a Kang pamamveka kugogoda katatu. Shoulin amafunda bulangete mpaka kumutu. Yufen amangotembenuka pabedi n'kukuwa:

"Mwadikira zaka mazana asanu, bambo inu! Mungalephere kudikira kabichi asase?"