Mayina Khumi a pa Chiwombankhanga

Kapu ya tiyi inapulumuka m'dzanja la a Makwinja, koma pansi sinafike. Mkono wotuwa unaiwakha m'malere, tiyi osatayika n'dontho lomwe, n'kuikhazika patebulo.

"Dzanja lanu linayamba kunjenjemera inu musanadziwe, agogo," anatero Mlezi. "Ndinaliona."

"Umaona zambiri iwe Chitini," anayankha a Makwinja, poti ndilo dzina limene ankamutcha.

M'chaka cha 2088, wokalamba aliyense wokhala yekha mumzinda wa Blantyre ankapatsidwa Mlezi. Ameneyu anali loboti wa msinkhu wa munthu wamfupi, wa khungu lofewa ngati mpira. M'zala zake munali timaso tomva kutentha kwa thupi ndi kugunda kwa mtima, moti akangokukhudza pamkono ankadziwa ngati wagona bwino kapena ngati waiwala mankhwala. Nkhope ankaiwerenganso. Amene anamupanga anamuikira lamulo limodzi lalikulu: akaona chimene chikupweteka mwini wake, achichotse.

A Feston Makwinja sankamuda Mlezi, koma sankamuwerengera ngati munthu wocheza naye. Ankakhala ku Bangwe, m'nyumba yomwe munali makompyuta ambiri kuposa mipando. Kunja maminibasi opanda dalaiva ankauluzika pa njanji za m'mwamba kupita ku Limbe, opanda ngakhale kondakitala woti n'kukangana naye, ndipo iwo ankati n'chifukwa chake anthu a masiku ano alibe nkhani. Achinyamata ankasewera magemu ndi kaloto, kachipangizo komata kuseri kwa khutu. Munthu ankangotsinzina n'kupezeka ali pankhondo kapena pansi pa nyanja, thupi lili phee pampando. A Makwinja anakayesako kamodzi, n'kukavula msanga. Gemu yanji yopanda batani, yoti chala sichituluka n'thuza lomwe?

Iwo tsiku lawo linkayamba ndi sipiriti ndi thonje. Ankapukuta timano ta mkuwa ta makatiriji, timabokosi takale tosungiramo magemu, n'kumauziramo mpweya ngakhale ankadziwa bwino kuti kuuzirako n'kumene kumadzetsa dzimbiri. Chizolowezi cha ubwana sichimva maphunziro. Kenako ankatenthetsa chowotcherera mtovu n'kumalumikiza mawaya a kompyuta ina imene inafa iwo asanakwatire. Ikayaka ankaomba m'manja, n'kutembenuka kuti auze wina, koma kumbuyo kunkangokhala Mlezi atanyamula mapiritsi.

Kale Loweruka lililonse pabalazapo pankadzaza anzawo, kukuwa, kunyozana, kulandana mipando. Anatha mmodzimmodzi. Wina anatsatira ana ake kunja, ena anagona kumanda a ku Bangwe komweko. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Ulemu, ankagwira ntchito pa siteshoni ya mumlengalenga yokonzera masetilaiti, ndipo ankaimba akapeza mpata.

Pakona pa balaza panali chuma chawo chenicheni: chimakina cha gemu chachitali ngati kabati, cha galasi lotupa, ndodo imodzi yofiira ndi mabatani awiri. Ali anyamata ankachipeza pa shopu ya a Bwanali kumsika, ndipo ankachitcha Chiwombankhanga chifukwa cha kandege kake kamene kankawombera miyala yogwa kuchokera kumwamba. Shopuyo itatsekedwa, a Makwinja anachikweza pa wilibala mpaka kunyumba, atachilumikiza ku batire kuti chisazime n'kuiwala zimene chinasunga.

Gemu ikatha, galasi linkaonetsa mayina khumi a akatswiri, lililonse la zilembo zitatu. Makinawo sankatha kukumbukira oposa khumi. Wina akalowa, wapansi ankagwa, ndipo wogwayo analibe kwina kopita. Ubongo wake unali womatidwa ndi phula lakuda, loti ukangoliboola zonse zimafufutika, choncho ngakhale katswiri ngati a Makwinja sakanatha kukopera mayinawo kwina. Pamwamba panali BWA, mwini shopu. Panali TIK, mnzawo amene ankamutcha Tikiti, panali JOJ ndi ena. Pa nambala seveni panali ENE.

Enelesi, mwini zilembo zimenezo, anabwera pa shopupo kalelo kudzatchaja foni, ali mtsikana wophunzira unamwino. Atatopa ndi kudikira, anakankha anyamata n'kugwira ndodo. Anasewera kamodzi kokha, akuseka mpaka misozi, n'kulowa pa seveni. Feston, amene anali asanalowepo n'kamodzi komwe, anamutsatira panja akuchita chibwibwi.

"Ukadzandipitirira, ndiye udzabwere ndi mawu akowo," anatero mtsikanayo.

Sanamupitirire, koma mawuwo anapita nawobe, ndipo anakhala m'banja mpaka tsiku limene Enelesi anatsikira kulichete. Zovala zake anagawana achibale. Mawu ake analipo m'makompyuta, zithunzi zinalipo zambirimbiri, koma zilembo zitatu zija anazisindikiza yekha ndi chala chake, ndipo zinali zikuyakabe.

Tsopano nachi chimene Mlezi ankaona masana aliwonse. A Makwinja ankaima pa Chiwombankhanga n'kusewera ngati mnyamata, ngakhale maso awo anali atachita ng'ala. Miyala ankaidziwa pamtima. Manambala ankakwera, kukwera, mpaka kuyandikira a munthu wa nambala teni. Akafika pamenepo ankachotsa dzanja pa ndodo, kandege n'kuphulika. Kenako ankaima duu, kuyang'ana mayina amene sankathanso kuwawerenga, mtima ukugunda mosweka. Ankatha kuwapitirira onse khumi atafuna, koma kulowa kwawo kukanagwetsa mnzawo mmodzi, ndipo aliyense wogwa akanamukankhira Enelesi kufupi ndi kumapeto. Zimenezi sanauzepo munthu. Akanauza ndani?

Tsiku lina Mlezi anafunsa. "Agogo, nthawi zonse mumafera pamodzimodzi, kenako mumakhala achisoni. Kodi mumafuna kuwina?"

"Alipo amene safuna kuwina? Funso lanji limenelo?" Anaseka mouma. "Dzina langa silinalowepo apa chibadwire. Tandipatsa madzi uko."

Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Mlezi anabweretsa madzi, mawuwo n'kuwasunga.

Ng'ala ija inakula mpaka galasi lonse linasanduka chifunga chobiriwira. Madokotala anali atanena kale kuti akhoza kuwameretsera magalasi a m'maso atsopano kuchokera ku khungu lawo lomwe, koma a Makwinja ankazengereza, poti wodwala ankayenera kugonekedwa m'chipinda cha mdima masiku angapo. Chimene chinawagonjetsa si kugunda zitseko kapena kuthira mchere mu tiyi. Anagonja tsiku limene anayandikitsa mphuno pagalasi n'kulephera kupeza pamene panali ENE.

Ulemu anaimba m'mawa wa ulendo wa kuchipatala, nkhope yake ikuyandama pakhoma, tsitsi litaimirira poti kumene anali kulibe cholemera.

"Ababa, mupite naye Mlezi. Aliyense amapita ndi wake."

"Kuchipatala kuli anamwino. Nanga Chiwombankhanga chili ndi yani?"

"Ababa, ndi makina amenewo."

"Amayi ako ali m'menemo."

Ulemu anati, "Chabwino. Mukatuluka mundiuze kuti mwawaona."

Asanatuluke, a Makwinja anamuimika Mlezi pakona paja n'kumulangiza ngati mlonda watsopano. Magetsi akaphethira, alumikize batire msanga. Fumbi apukute ndi nsalu youma, madzi ayi. Ndipo panali chinthu china chimene aliyense wosunga makina akale amachidziwa: batani losadinidwa limachita dzimbiri n'kuuma.

"Uzisewerako pang'ono tsiku lililonse, kuti mabatani asagone. Wamva?"

"Ndamva, agogo. Ndichita zoti mukasangalale."

"Usathyole ndodo ndi zimanja zakozo."

M'chipinda cha mdima muja nthawi inkayenda ngati nkhono. Maso anali omangidwa, ndipo mkati mwake munkanyerenyetsa pamene tinyama tatsopano tinkamera. Odwala anzawo ankacheza ndi Alezi awo, kuwerengeredwa nkhani, kukandidwa pamsana. A Makwinja ankangogona chagada, zala zikudina mabatani osaoneka pa bulangete. Anasungulumwa kwambiri, koma ankadzitonthoza kuti akatuluka akaona zilembo zija zili mbee, monga anaziona tsiku loyamba.

Atawamasula, dziko linawalasa m'maso. Anaona mizere ya m'manja mwawo, anaona masamba a mitengo ya pa phiri la Bangwe lililonse palokha. M'minibasi ankawerenga mokweza chikwangwani chilichonse ngati mwana wa sitandade wani, anthu n'kumawayang'ana. Atatsika anayenda mothamanga, ndodo yoyendera ili kukhwapa.

Mlezi anawachingamira pakhomo. Aka kanali koyamba kuti amuone bwinobwino, ndipo anadabwa kuti nkhope yake inali yofatsa chonchi.

"Takulandirani, agogo. Magetsi sanazime. Mabatani ndi ofewa. Ndiponso ndakukonzerani mphatso."

"Mphatso udzandipatsa. Tapatuka kaye."

Anafika pa Chiwombankhanga osavula n'chipewa chomwe. Kandege kankauluka kokha, kudikira wosewera. Anadikira kuti galasi litembenuke, mtima uli m'mwamba. Linatembenuka, ndipo zilembo zinaoneka zakuthwa, zowala kuposa mmene ankakumbukirira.

Pa nambala wani panalembedwa FES. Pa thu, FES. Maso atsopano aja anatsika mzere ndi mzere osaphonya kanthu. Pa seveni panali FES. Mpaka pansi, FES yekhayekha.

"Mayo ine," ananong'ona. Mlezi anawakankhira mpando, iwo n'kukhala.

"Ndinaona kuti tsiku lililonse mumalephera pafupi ndi nambala teni, ndipo mtima wanu umapweteka," anafotokoza Mlezi mokondwa. "Munati dzina lanu silinalowepo chibadwire. Ndinaphunzira kagwedwe ka miyala, ndipo ndinawina kakhumi. Sindinalembe dzina langa, agogo. Ndinalemba lanu monse."

Mlezi anawagwira a Makwinja pamkono, ndipo timaso ta m'zala tija tinamva zimene zinkachitika m'chifuwamo. Anabweza dzanja pang'onopang'ono.

"Agogo, simunasangalale. Ndalakwitsa chiyani?"

"Sindinkalephera, iwe." "Ndinkasiya dala. Anthu amene anali apa ndi anzanga. Wa pa seveni anali mkazi wanga."

Loboti uja anaima osagwedezeka. Kuwala kwa m'maso mwake kunaphethira kangapo.

"Simunandiuze."

"Sindinakuuze."

"Mayina onse ndikuwakumbukira, ndi manambala ake. Tikazimitsa makinawa n'kuchotsa batire, mndandanda wonse wa mayina udzafufutika. Ndikhoza kusewera mpaka kufika pa nambala yeniyeni ya aliyense, n'kulemba zilembo zake. Pofika madzulo zonse zidzakhala monga zinalili. Palibe angasiyanitse."

A Makwinja anayang'ana zala zotuwa zija, zosalala, zopanda thuza. Kwa kanthawi anafuna kuvomera, anafunitsitsa ndithu. Kenako anapukusa mutu.

"Udzakhala walemba ndiwe. Iye analemba akuseka, foni yake ili pa tchaja, anyamata tikumukuwiza. Zimenezo ungazilembe?"

"Sindingathe, agogo."

"Basi. Madzi akatayika saoleka."

Anafuna kumukalipira, kumutukwana, kumuthamangitsira kwa amene anamupanga. Koma akanamukalipira chiyani? M'nyumba monsemo, m'zaka zonsezi, yekhayo amene anaona kuti iwo akumva kuwawa n'kuyesa kuchitapo kanthu anali Chitini yemweyu. Anaona misozi, koma chifukwa chake anachibisa ndi iwo eni.

Khoma linalira, kusonyeza kuti Ulemu akuimba. Mlezi anatembenuka kuti ayankhe.

"Usayankhe kaye," anatero a Makwinja. "Afunsa ngati ndawaona amayi ake."

Linalira mpaka kuleka lokha. Panja minibasi inadutsa pa njanji zake mwakachetechete. Mlezi anakoka mpando wina, umodzi mwa ija ya Loweruka, n'kukhala pambali pawo, chinthu chimene sanachitepo.

"Agogo," anatero motsitsa mawu, "lamulo langa likuti ndichotse chimene chikukupwetekani. Ndafufuza, ndipo ndapeza kuti ndine. Ndichoke?"

A Makwinja anapukuta maso awo atsopanowo ndi chipewa.

"Khala. Ukachoka iwe, nditsala ndi yani?"

Anakhala choncho awiriwo, kuyang'ana galasi likutembenuka, kandege, kenako mayina, kandege, kenako mayina. A Makwinja anali atakhala okha zaka zambiri, koma tsiku limenelo ndi pamene anadziwa kuti kusungulumwa kwenikweni n'kupambana aliyense, n'kupeza kuti paliponse pamene panali mnzako patsala dzina lako.