Mpando Wakutsogolo M'bwato la Enock

Zahra anali ataweramira pampu, thukuta lili kamukamu, pamene anamva mawu kumbuyo kwake.

"Achemwali, mpweya wonsewo mukupatsa bwato, nanga ife ofuna kukomokafe mutisiyirako chiyani?"

Anatembenuka. Panali mnyamata wamtali, malaya oyera ositidwa bwino, makiyi a galimoto akulendewera pachala. Zahra ankagwira ntchito pa loji ina ku Senga Bay, kubwereketsa alendo timabwato topopa tija amatitcha kayaki. Anali mwana wa msodzi, nkhafi anaigwira asanadziwe kulemba dzina lake. Amuna a pakamwa pa uchi anali atawaona ambiri pagombepo, ndipo onse ankabwerera manja ali m'khosi.

"Mukakomoka nyanja ili apo, tikuthirani madzi," anayankha.

Mnyamatayo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati dzina lake ndi Enock, kwawo ndi ku Lilongwe koma amagwira ntchito ku bungwe lina pa boma la Salima.

"Ndikufuna bwato langalanga lopopa, loti ndizilipinda n'kuliponya kumbuyo kwa galimoto. Koma thumba langa ndi losaya, achemwali. Mundithandize kusankha, ndingagule chidole."

Anatulutsa foni n'kumuonetsa zithunzi za mabwato amene munthu wina ankaitanitsa kuchokera ku Joni. Zahra anapukuta manja pachitenje n'kuloza loyamba.

"Ili lotchipitsitsali musaliyese. Pulasitiki yake ndi yopyapyala, Mwera ukangowomba liuluka ngati jumbo. Muziona loti lili ndi zipinda zitatu za mpweya, kuti china chikaboola zinazo zikufikitseni kumtunda. Ndiye funso ndi lakuti, mukufuna la munthu mmodzi kapena la awiri?"

"Kusiyana kwake n'kotani?"

"La mmodzi ndi lopepuka, mtengo wakenso ndi wofewa. La awiri limalemera, koma mipando yake imachoka. Mukakhala nokha mumangoika mpando umodzi pakati."

Enock anamuyang'ana m'maso nthawi yaitali.

"Ine ndili ndekha ngati chitsa. Koma kuyambira lero ndayamba kuganiza za la awiri."

Abale, amuna ena Mulungu anawapatsa lilime n'kuiwala kuwapatsa manyazi! Zahra anapereka nambala yake, nati ndi ya nkhani ya bwato basi. Ankanamiza ndani?

Mauthenga anayamba tsiku lomwelo.

"Aphunzitsi anga, lachikasu kapena lobiriwira?"

"Lachikasu. Mukagwa m'madzi anthu akuoneni msanga."

"Ndagwa kale ine. Palibe wondivuula koma iwe."

Zahra anawerenga uthengawo akutsuka mbale, n'kupezeka akumwetulira yekha. Mayi ake anamuyang'ana cham'mbali.

Sipanapite nthawi, "achemwali" anasanduka "duwa langa", kenaka "chambo changa cha ku Senga Bay". Enock ankabwera akaweruka, atanyamula tchipisi ndi zoziziritsa kukhosi, n'kukhala naye pansi pa mtengo wa mango wa pa lojipo akusankhabe bwato. Tsiku lina analoza lachikasu la awiri lomwe linali ndi kampando kakang'ono pakati.

"Kameneka n'ka mwana," anatero Zahra. "Kakukwezerani mtengo chabe. Tengani lopanda."

"Ayi, ndikufuna lomweli."

"Mwana wake uti?"

Enock anamugwira dzanja n'kuliika pachifuwa pake.

"Wathu, wapamtima. Ine sindigula bwato la chaka chimodzi. Ndikugula la banja. Iwe kutsogolo, ine kumbuyo, kakhanda kathu pakati."

Zahra sanachotse dzanja lake. Ndi mtsikana uti akanalimba pamenepo?

Bwato linafika ndi dalaivala wa lole, litapindidwa m'chikwama chachikulu. Analipopa limodzi m'mawa wina nyanja ili bata, akulandirana pampu. Zahra anaonetsa Enock chipsepse chapulasitiki chakuda chimene chimalowetsedwa kunsi kwa bwato.

"Popanda ichi bwato lopopa limangozungulira, silipita kumene ukufuna. Ndipo chimatayika msanga mumchenga. Ine ndikamaliza ntchito ndimachotsa n'kusunga padera."

"Ndiye uzisunga iweyo. Iwe ndiye chipsepse cha moyo wanga."

"Aa, Enock, zinazi n'zoonjeza!"

Zahra anamuphunzitsa kupalasa ali kumbuyo, kuwongola bwato, kukumana ndi funde chamutu osati cham'mbali. Enock anali wouma manja. Ankamuthira madzi kumsana, kugunditsa nkhafi, kutukwana chapansipansi, koma Zahra sanatope naye. Atafika patali, pamene anthu a pagombe ankaoneka ngati nyerere, Enock analumbira.

"Zahra, nyanja iyi ikhale mboni. Mpando wakutsogolowo sipadzakhala mkazi wina mpaka imfa."

"Kwathu ndife Asilamu, Enock. Amjomba sangalole."

"Ndilowa Chisilamu. Chovuta n'chiyani? Chifukwa cha iwe ndingasinthe ndi dzina lomwe."

Bwato ankalisunga m'nyumba yosungiramo katundu pa lojipo. Chipsepse chinkagona m'kachikwama ka Zahra.

Nkhondo inali kunyumba. Bambo ake a Zahra anamwalira kalekale, ndipo mwini mbumba anali amjomba ake, a Omari, mlongo wa mayi ake, munthu wosaseka ndi nkhani za ukwati. Atamva anamenya ndodo pansi.

"Astaghfirullah! Munthu wa m'tauni, wosadziwika kwawo, wosadziwika ankhoswe ake? Wamuona mbale wake ngakhale mmodzi?"

"Ayi, amjomba, koma ndi munthu wabwino."

"Chikomekome cha mkuyu, mwana iwe, m'kati muli nyerere."

Zahra analira, anakana kudya, anagwada mpaka maondo kuchita zipsera. Anawauza kuti akapanda kulola, iye sadzakwatiwanso ndi wina aliyense. Pomaliza a Omari anagonja.

"Chabwino. Abwere adzalankhule pamaso pa Shehe. Koma akandichititsa manyazi pamudzi pano, dzina langa usadzalitchulenso."

Zahra anathamangira kuseri kwa nyumba n'kutumiza uthenga.

"Dalingi, alola! Unene tsiku."

Yankho linachedwa mpaka madzulo.

"Loweruka lino, nthiti yanga. Upemphe tchuthi, usayandikire n'komwe ku loji. Undidikire kunyumba utatchena, ndikufuna ndidzakupeze ngati mfumukazi."

Loweruka kunacha ndi chipwirikiti. Mayi ake anapha nkhuku ziwiri, anasankha mpunga wa kilombero, anabwereka mipando kwa anansi. Azimayi a m'mudzi ankangodutsadutsa ngati akupita kumjigo, koma maso ali pakhomopo. Zahra anavala diresi yatsopano yobiriwira ndi mpango wake, n'kukhala m'chipinda akuyang'ana foni.

Dzuwa litakwera foni inalira. Sanali Enock. Anali Masautso, mnzake wa kuntchito.

"Zahra, chipsepse cha bwato lachikasu lija chili kuti?"

"Chili ndi ine. Bwanji?"

"A Enock ali kuno. Alipopa okha, koma likungozungulira pamodzimodzi. Zathuzi sizikulowa." Masautso anatsitsa mawu. "Iwo sakudziwa kuti ndikukuimbira. Andituma ndi ena. Undiuze pamene uli, ndibwere ndidzatenge ndekha."

"Ayi, ndikubwera nacho!"

"Zahra, tamvera..."

Zahra anali atadula kale. Mutu wake unadzaza ndi maloto. Ndiye kuti Enock akufuna kubwera kwawo pa bwato! Akufuna adzakocheze pa doko la asodzi anthu onse akuona, atsike ngati mkwati wa m'kanema! Anauza mayi ake kuti akubwera posachedwa, anakwera kabaza, kachikwama kali pamiyendo.

Atafika pa loji anathamanga mumchenga nsapato zili m'manja.

Bwato lachikasu linali m'madzi ofika m'maondo. Enock anali kumbuyo, nkhope itakwinyika ndi ukali. Pa kampando kapakati panali kamtsikana ka zaka ngati zinayi, katavala jekete yoyandamitsa, mphuno ndi chipumi zili za Enock zenizeni. Pa mpando wakutsogolo panali mayi wooneka bwino, magalasi adzuwa ali pamutu, mphete ikunyezimira pachala.

Zahra anaima pomwepo. Mayo ine!

Enock atamuona, nkhafi inamugwa m'manja. Koma mbala yozolowera sichedwa kupeza mawu.

"Pauline, uyu ndi mtsikana uja ndimakuuza, wa pa loji pano. Ndi amene anandithandiza kusankha."

"Ooh, ndinu amene!" anatero mayiyo mosangalala. "Ndine ndamuuza mnyamata uja kuti akuimbireni, bambo a Ella amangokana ati tisakuvutitseni. Achemwali, mwandisankhira mphatso yabwino zedi. Ndi ya tsiku lokumbukira ukwati wathu. Ine ndinanenetsa kuti ndikufuna la awiri lokhala ndi ka mwana, ndinkaopa kuti andigulira chidole ndi kuumira kwawoku."

Kenaka mayiyo anayang'ana diresi ya Zahra.

"Koma ndiye mwatchenatu! Kuli ukwati?"

"Kuli... kuli mlendo kwathu."

"Eee, wamwayi mwamuna ameneyo! Mumugwiritse, achemwali, amuna abwino akusowa masiku ano. Ine wangayu ndinachita kusala kudya."

Anatsika onse kuti bwato litembenuzidwe. Pauline anatenga mwana n'kupita naye pamthunzi kukamupaka mafuta. Zahra analowa m'madzi ndi diresi yake yatsopano, anagwada, n'kutulutsa chipsepse. Enock anawerama ngati akuthandiza kugwira bwato.

"Ukufuna chiyani kuno?" ananong'ona mano ali gwa. "Si ndinati udikire kunyumba?"

"Ndiye tsikuli unalisankhira zimenezi? Kuti ndisakhalepo?"

"Tsitsa mawu."

"Enock, amjomba avala kale mkanjo. Shehe akubwera. Mudzi wonse ukudziwa!"

"Ndiye ndinakutuma kuti ulengeze? Iwenso uziganiza. Ine ndisiye tchalitchi, ndisiye mkazi wa digiri, chifukwa cha mtsikana wopopa mabwato? Zapanyanja zimathera panyanja."

"Unalumbira."

"Aliyense amalumbira. Mangitsa chinthucho, ndipo usandiyalutse pamaso pa mwana wanga. Ukangoyerekeza, ndiuza abwana ako kuti umavutitsa alendo."

Misozi inagwera pa pulasitiki yachikasu. Zahra analowetsa chipsepse m'malo mwake. Panatsala kachitsulo kotsekera. Anakagwira n'kuima. Akangokasiya osatseka, chipsepse chikanakagwa pakati pa nyanja, ndipo mphepo ya masana ikanawaphunzitsa zimene iye sakanatha kunena. Ndani akanadziwa? Satana anamunong'oneza bwino lomwe.

Kamtsikana kaja kanabwera kakuthamanga, jekete ikukagunda kuchibwano.

"Anti, nsomba zimaluma?"

"Ayi, mwanawe. Siziluma."

Anatseka kachitsulo kaja mpaka kanalira, n'kukokanso kuti atsimikize. Kenaka anamangitsa malamba a jekete ya mwanayo, amene bambo ake anawasiya olendewera.

Atakwera onse, Pauline anamupatsa foni.

"Tatijambulani kaye, achemwali. Bambo a Ella, tamwetulirani, inunso!"

Enock anamwetulira. Kumwetulira komwe kuja, kopanda chilema, dzanja lili paphewa la mkazi wake. Zahra anajambula, anabweza foni, n'kukankha bwato ndi manja ake omwe. Linapita mowongoka bwino.

Anatuluka m'madzi diresi itamatirira m'miyendo. Masautso anali chiimire pafupi ndi mapampu, maso ali pansi.

"Pepa, mlongo. Ndinayesa kukuuza."

Zahra ankangoyang'ana bwato likuchepa. Pauline ankapalasa ndi mtima wonse, maso ali kutsogolo. Kumbuyo kwake Enock anaika nkhafi pamiyendo, anapisa m'thumba, n'kuwerama. M'kachikwama ka Zahra foni inanjenjemera.

"Usakwiye, chambo changa. Ndimayenera kulankhula choncho. Awa Lachiwiri abwerera ku Lilongwe, mpando ukhalanso wako. Ndimakukonda kuposa moyo."

Zahra anawerenganso uthengawo. Munthu uyu analibe ngakhale kachidutswa ka manyazi! Asanaganize choyankha, foni inalira m'manja momwemo. Anali mayi ake. Kumbuyo kunkamveka mawu a anthu ambiri, mbale zikugundana, ndi a Omari akulonjera wina mwaulemu.

"Zahra, uli kuti iwe? Shehe afika kale, amjomba ako ayala mphasa, mpunga ukuzizira. Nanga mlendoyo wafika pati?"

Zahra anakhala pansi pamchenga.

"Zahra? Ukundimva? Tiwauze chiyani anthuwa?"

"Auzeni adye, mama," anatero. "Auzeni angodya."