Kamphepo ndi Mlonda wa mu Gemu

Kamphepo ankafuna kupulumutsa kagalu. Kagaluko kanali ka mu gemu.

Dzina loti Kamphepo anamupatsa ndi bambo ake. Mtsikanayu sankakonda kuyenda. Akamutuma, ankathamanga. Pobwera, ankathamanga. Ngakhale popita kosamba, ankathamanga.

Bambo ake amakonza mawailesi ndi mafoni. Shopu yawo ndi yaing'ono. Muli tebulo, TV yakale ndi mawaya ambiri. Bambowo salankhula zambiri.

Tsiku lina namwino wina anabweretsa makina a gemu. Rimoti yake inali itawonongeka. Bambo anaitsegula. Anaikonza. Kenako anapatsa Kamphepo kuti aiyese.

Anamuuza kuti mwini wake abwera 4 koloko. Akabwera, makinawo apita.

Kamphepo anakhala pansi pafupi ndi TV. Mu gemumo munali kamunthu ka chipewa chofiira. Munali udzu wautali. Munali geti. Pageti panali mlonda. Kuseri kwa geti kunali khola. M'kholamo kagalu kankalira.

Pa rimoti panali kandodo koyendetsera kamunthu. Kamphepo anakakankha mwamphamvu. Kamunthu kanathamanga, di, di, di. Mlonda anamva. Anatembenuka. Anakagwira. Gemu inayambiranso.

Kamphepo anayesa kachiwiri. Mlonda anamva.

Anayesa kachitatu. Mlonda anamvanso.

"Ababa, rimotiyi simunaikonze bwino," anatero Kamphepo.

"Ndakonza," anatero bambo ake. Sanadzutse n'komwe mutu.

Kamphepo anadandaula kuti kamunthu kakungothamanga kokha. Anati mlondayo ali ndi makutu ngati mbale. Anati gemuyo ndi yokondera.

"Ndakonza," anateronso bambo.

Wotchi yapakhoma inakwana 3 koloko. Kagalu kankalirabe. Kamphepo nayenso anatsala pang'ono kulira.

Bambo anaika pansi foni imene ankakonza. Anatenga chivundikiro cha chitini. Anathiramo timisomali tating'ono. Anamuuza Kamphepo kuti apite nacho pazenera, abwerenso. Koma iwo asamve kanthu. Atatero anatsinzina.

Kamphepo ananyamuka ndi liwiro. Timisomali tinalira, ngwe, ngwe, ngwe.

"Ndamva," anatero bambo.

Kamphepo anayesanso. Anafulumira pang'ono. Timisomali tinalira, ngwe.

"Ndamva."

Kachitatu Kamphepo anapuma kaye. Anaponda ndi zala za kumapazi. Phazi limodzi. Kenako linzake. Anafika pazenera. Anabwerera. Timisomali tinali zii.

Bambo anali chitsinzinire.

"Ababa, mwagona?"

"Ayi. Sindinamve."

Ndiye anagwira chala chachikulu cha Kamphepo. "Ichinso chiziyenda choncho," anatero.

Kamphepo anatenga rimoti. Anakankha kandodo pang'ono chabe. Kamunthu sikanathamange. Kanawerama. Kanayamba kunyang'ama. Kanalowa mu udzu.

Mlonda anadutsa pafupi. Sanamve.

Kamphepo anadikira. Kudikira kunali kowawa. Mapazi ake ankayabwa. Koma chala chake chinakhala phee.

Mlonda anayang'ana kumbali. Kamunthu kanatuluka mu udzu. Pang'ono. Pang'ono. Kanafika pageti.

Pomwepo chitseko cha shopu chinatseguka. Namwino uja analowa ndi chikwama chake. Inali 4 koloko.

Kamphepo anacheuka. Kodi makina apita tsopano?

Bambo anaika chala pakamwa. Namwino anayang'ana pa TV. Anaima pomwepo, chikwama chili m'manja.

Kamunthu kanadutsa kumbuyo kwa mlonda. Pang'ono. Pang'ono. Kanafika pakhola. Kanatsegula. Kagalu kanatuluka, kakugwedeza mchira.

Namwino anawomba m'manja. Anati iyeyo wakhala akugwidwa pageti pomwepo milungu iwiri. Anati ankakankha kandodo ndi mphamvu zake zonse. Kenako anayang'ana rimoti ija, n'kuseka.

"Ndiye kuti ndinaithyola ndine?" anafunsa.

"Ndinu," anatero bambo.

Namwino anakhala pansi pafupi ndi Kamphepo. Anamupempha kuti amuphunzitse. Kamphepo anagwira chala cha namwino. Anamuuza kuti azikankha pang'ono. Mlonda anamugwira namwino kamodzi. Kachiwiri namwino anadutsa.

Kenako makina analowa m'chikwama. Namwino anathokoza, n'kumapita.

Shopu inakhala zii. Bambo anathira tiyi m'makapu awiri. Anadula buledi pakati. Chidutswa chachikulu anapatsa Kamphepo.

Kamphepo anayang'ana TV yozimitsidwa ija.

"Ababa, kodi kudzabweranso gemu ina?"

Bambo anamwa tiyi kaye.

"Zinthu zimawonongeka tsiku lililonse," anatero.

Kamphepo anaseka, buledi ali m'kamwa. Bambo akenso anamwetulira.