Kachingwe ka Wendell Gaskins

Mng'ono wanga Yolanda anakumana ndi Wendell Gaskins kuntchito, pa kabwalo ka ndege za anthu olemera kuno ku St. Louis, komwe amalandira alendo ndi kulemba maina a okwera. Tsikulo nyengo inaipa, ndege ya timu inalephera kunyamuka, ndipo bamboyo anatha maola anayi atatsamira tebulo la mwana wa mayi anga ngati mipando inatha.

Ndani sankamudziwa Wendell? Kochi wa timu yathu ya basiketibolo mu ligi yaikulu, zikho ziwiri m'zaka zisanu, suti yothina, pakamwa ponona. Ine ndinangomuona kamodzi n'kumuda. Munthu woseka ndi mano okha ameneyo.

Koma Yolanda anagwa naye m'chikondi mutu wonse. Foni inkangoti ngwee, iye n'kumamwetulira yekha ngati wapenga. Tsiku lina anandionetsa uthenga: "Shuga wanga, tapambana koma mtima sukukoma, mpando wako unali wopanda munthu." Nditafunsa za mkazi wake Patrice, Yolanda anandikalipira kuti banjalo linatha kalekale, changotsala n'choti maloya asaine mapepala. Anati ndisiye nsanje.

Mphete sanapereke. Anapereka kachingwe.

Ku makoleji timu ikatenga chikho, osewera amakwera makwerero mmodzimmodzi, aliyense n'kudula kachidutswa ka ukonde wa pachigoli. Wendell anati kake anadula ali mnyamata, akusewera ku Koleji ya Marlowe ku Indiana. Anamumanga Yolanda pamkono, mfundo zitatu.

"Mphete aliyense amagula, Shuga. Aka n'kamodzi padziko lonse, ndipo ndakupatsa iwe."

Yolanda ankasamba nako, kugona nako.

Mu Malichi a Marlowe anachotsa kochi wawo, ndipo dzina la Wendell linayamba kumveka paliponse. Pa wailesi, mometera tsitsi, ngakhale panja pa tchalitchi, mkangano unali umodzi. Ena ankati munthu amene wapambana mu ligi yaikulu sangatsike kukalera ana asukulu. Ena ankati simukuwadziwa makochi: mu ligi wosewera mmodzi akakwiya, kochi amachotsedwa ntchito, pomwe ku koleji kochi ndi mfumu, ngakhale mkulu wa sukulu amamuvulira chipewa.

Kwa anthuwo inali nkhani yotayira nthawi. Kwa Yolanda unali moyo wake wonse, chifukwa ali ndi mwana wamkazi, ndipo khoti linalamula kuti asachoke naye kuno ku Missouri, azikulira pafupi ndi bambo ake. Wendell akapita, ukwati wapita.

Atolankhani atamufunsa, Wendell anaseka mpaka kugwira pamimba. Anati iye sangamayende khomo ndi khomo kukapempha ana a zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, kukhala pabalaza la eni ake, kuyamikira chitumbuwa cha maapulo chopserera kuti mayi alole mwana wawo asaine. Atatuluka m'chipindamo analembera Yolanda: "Sindipita kulikonse. Juni asanathe udzakhala Mayi Gaskins."

Masapota a kuno si opusa. Amadziwa kuti koleji ikafuna kochi imatumiza ndege ya munthu wolemera mwakachetechete, ndiye ankangoimba kuntchito kwa Yolanda kufunsa ngati yochokera ku Indiana yatera. Wendell nayenso ankadziwa, choncho anakonza ulendo wake Lachitatu, tsiku lomwe Yolanda amapuma. Chimene sanadziwe n'choti mnzake wa Yolanda anadwala dzino, ndipo anasinthana masiku.

Yolanda anatsegula kompyuta m'mawa n'kupeza ndege yochokera ku Indiana, yobwerera 2 koloko masana. Okwera awiri: Wendell Gaskins, Patrice Gaskins.

Anandiimbira n'kundiuza zimene waona. Ndinamuuza kuti anamizire kudwala mutu abwere kunyumba. Anakana.

Wendell analowa atavala chipewa ndi magalasi akuda ngati wakuba nkhuku. Mkazi wake anadutsa osayang'ana kumbali, ulendo wa kundege. Bamboyo atakweza maso n'kuona amene wakhala patebulo, chikwama chinamupulumuka.

"Shuga, lero si Lachitatu?"

"Ndi Lachitatu, a Gaskins. Chiphaso chanu."

"Usanditchule choncho. Ndimvere kaye."

"Mukupita kukadya chitumbuwa chopserera?"

Wendell anayamba kulongosola monong'ona, maso ali pakhomo. Anati kumeneko n'kwawo, sakanakana. Anati ku koleji sagula kochi yekha, amagula banja lonse, ndipo palibe mayi wa ku Indiana amene angapereke mwana wake kwa mwamuna wosiya mkazi n'kumayenda ndi chibwenzi. Patrice wavomera kuima pambali pake pa zithunzi, basi. Zaka ziwiri zokha, kenako zonse zidzakhala bwino.

"Ndiye ine ndidikire zaka ziwiri ngati galimoto yosiyidwa pagalaja?"

"Ndimakukonda, ukudziwa."

"Mukanandiuza liti?"

Apo Wendell anawerama n'kupempha chinthu chimodzi. Mukuganiza kuti anapempha chikhululuko? Ayi ndithu. Anapempha kuti Yolanda asauze munthu za ndegeyi kufikira mawa, chifukwa eni timu yathu anali asanamve.

Zimenezo ndiye zinamuwawa Yolanda koposa. Anadzuka n'kutuluka pakhomo la antchito, mphepo ikumukwapula, mpaka anakapeza Patrice pa makwerero a ndege. Anapinda dzanja la juzi n'kumuonetsa mkono.

"Mayi, amuna anu anandimanga aka. Anati banja lanu linatha, ndipo andikwatira mu Juni."

Yolanda ankayembekezera kulira, kapena mbama. Patrice anangovala magalasi ake owerengera, n'kugwira mkonowo mofatsa ngati namwino. Kenako anatsegula chikwama n'kutulutsa kabokosi kagalasi. Mkati munali kachingwe kena, kachikasu ndi ukalamba.

"Ka ku Marlowe ndi aka, mwana wanga. Akufuna kuti akakaonetse mawa pamaso pa atolankhani. Kanuko anadula pa ukonde wa ana, kuseli kwa nyumba yathu." Anatseka chikwamacho. "Ukonde umenewo ndausintha kale kawiri chifukwa cha iyeyo."

Ndege inanyamuka 2 koloko itangokwana, ndipo Yolanda ndiye analemba nthawiyo, poti ndiyo ntchito yake. Sanauze mtolankhani aliyense. Ine ndikanauza dziko lonse, koma iye anati sakufuna dzina lake limveke pa wailesi limodzi ndi la munthu ameneyo.

M'mawa mwake tinamuona pa kanema, atavala tayi yofiira ya Marlowe, Patrice ali pambali akuomba m'manja. Anakweza kabokosi kaja m'mwamba, mawu akunjenjemera, n'kunena kuti kachingwe aka sanasiyane nako ngakhale tsiku limodzi. Ndinatukwana mawu oti sindingawalembe pano, n'kutambasula dzanja kuti ndizimitse. Yolanda anati ndisiye amalize.

Nthawi yonseyi anali akulimbana ndi mfundo za pamkono pake, ndi zikhadabo, kenako ndi mano. Chaka chathunthu cha madzi ndi sopo chinali chitazilimbitsa. Khungu linafiira, mfundo osasuntha.

"Achemwali," anatero osandiyang'ana, "tandipatsani sizasi."