Chingwe Chimene Misheck Anamasula

Mphepo italeka, Misheck anali pakati penipeni pa damu, ataima pa chitseko chakale chomangiriridwa pa zigubu zinayi. Thanga lake, la matumba a feteleza osokerera kunsungwi, linangoti lende.

Nzeru imeneyi anaionera pa foni: anthu akuthamanga pamwamba pa madzi, mphepo ikuwakankha. Koma Misheck, mnyamata wa Folomu 3, anali mwana wa ku Bembeke. Kukumba mbatatesi ankakudziwa, kusambira ayi. N'chifukwa chake mlongo wake Dorika anali atamangirira chingwe ku chitsekocho kuti azichigwira ali kumtunda.

"Ndine mbuzi ine?" anatero Misheck ponyamuka, akuchimasula. "Chingwechi chiwononga kanema. Iwe uzingojambula."

Tsopano chifunga chinatsika m'phiri n'kumeza mitengo, madimba, ndi Dorika yemwe. Kenaka mphepo inabweranso, yochokera kwina, n'kumenya thanga lija. Chitseko chinapendama, madzi ozizira n'kumufika m'miyendo. Chigubu chimodzi chinamasuka, chinapita. Misheck anagwada. Sanadziwenso kumene kunali mtunda, ndipo mantha anamugwira.

"Dorika!" Mawu ake anatuluka aang'ono ngati a mwana wakhanda.

Ngwe! Ngwe! Ngwe! Dorika ankamenya keni yothirira ndi mwala.

"Achimwene, gwetsani thangalo! Likugubuduzani! Muzitsata kulira kwa keni!"

Thangalo anali atalisoka masabata atatu, zala mpaka kutupa. Anazengereza. Mphepo itamenyanso, analizula yekha n'kulikankhira m'madzi. Anagona chafufumimba pachitseko n'kuyamba kupalasa ndi manja, mano akugundana. Keni ikamveka kumanzere, mphepo inkamubwezera kumanja. Manja anachita dzanzi. Analira, ndipo sanasamale zoti wina angamve.

Patapita nthawi anaona bango, kenaka Dorika. Anali atalowa m'madzi mpaka m'chiuno, iyenso wosadziwa kusambira, milomo itauma ndi kuzizira. Keni inali paphewa, chingwe chija chili m'manja. Anachiponya kawiri osafika. Kachitatu Misheck anachiwakha, n'kuchimanga yekha m'chiuno mwake, mfundo ziwiri.

"Si chiwononga kanema chimenecho?" anafunsa Dorika, misozi ikutsika.

"Koka, mlongo wanga," anatero Misheck. "Chonde, koka."